Gemu si juga

Pali nyimbo imene yafala m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi kuchokera ku Ntaja mpaka ku Phalula. Akuti tinyumba ta magemu titsekedwe chifukwa tikuwononga ana. Wina akaima n'kunena zimenezi, anthu amawomba m'manja. Koma mutawafunsa owomba m'manjawo kuti atchule gemu imodzi yokha ndi kulongosola zimene zimachitikamo, mudzangomva kuti zii. Safunsa anadya phula. Ine ndikukana kuti tigamule mlandu tisanamve mboni.

Mboni yanga ndi Super Mario 64, gemu imene kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa mu 1996 motsogozedwa ndi Shigeru Miyamoto. Nkhani yake ndi yachidule. Chilombo chotchedwa Bowser chalanda nyumba yachifumu ya Peach n'kubisa nyenyezi 120, zambiri mwa izo m'maiko 15. Ambiri mwa maikowa, Mario amalowamo podumphira m'zithunzi zapakhoma. Ntchito ya wosewera ndi kutolera nyenyezizo. Ina imapezeka ukatola timakobiri tofiira tisanu ndi titatu tomwazika m'dziko lonselo. Ina imafuna makobiri 100. Zitseko za m'nyumbamo zili ndi manambala, ndipo sizitseguka ngati nyenyezi zako sizinakwane. Amene wathamangira kwa Bowser asanapeze nyenyezi 70 amakwera masitepe osatha, kukwera n'kukwera osafika.

Tsono ndiuzeni, abale anga, choipa apa n'chiti? Mwana akuwerengera zimene wapeza ndi zimene zatsala. Akusunga m'mutu mapu a malo amene wadutsa. Akagwa amayambiranso, ndipo amagwa kakhumi asanadziwe podumphira. Palibe nyenyezi yogula, palibe yamwayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gemuyi imaphunzitsa kudekhako kuposa ulaliki wathu wa pa mphasa. Madoda amene amaswera pa bawo pansi pa mtengo ku Ulongwe, kuwerenga nkhomo 64 m'maenje 32, timawatcha anzeru. Mdzukulu wawo akamawerenga nyenyezi timuti wasokonekera. Chilungamo chake chili pati?

Mudzati ana a kuno sasewera Mario, amasewera mpira ndi nkhonya. N'zoona kuti m'tinyumba tambiri pa Liwonde ndi pa Balaka mumamveka mpira. Izi zikutiuza kuti tiwafunse eni ake chimene akuika pa kanema, tiwalimbikitse kubweretsa magemu ofuna kuganiza. Mudzatinso ana akujomba kusukulu ndi kuba ndalama za ndiwo. Izinso n'zoona, ndipo n'zowawa. Koma mwana wojomba analipo magemu asanabwere. Ankathawira kumtsinje wa Shire kukawedza, ndipo palibe mfumu inalamula kuti mtsinje utsekedwe. Vuto ndi nthawi imene chitseko chili chotsegula komanso kholo losadziwa kumene mwana waswera.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi. Pamene tikukalipira mnyamata wa kanema mmodzi ndi kajenereta, mdani weniweni wakhala phee m'thumba mwa mwanayo. Kubetcha mpira ndi kandege ka pa foni sizifuna luso, sizifuna kudekha. Zimalonjeza kuti ulemera lero, kenaka zimameza fizi, ndalama ya feteleza ndi malipiro a mwezi. Ife a m'boma tikudziwana: alipo anzathu amene pofika pa 5 amakhala atayamba kale katapila. Malamulo amaletsa mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, koma ndi makomiti angati a sukulu amene anakhalapo pansi kukambirana zimenezi? Tikuopa kutchula juga chifukwa akuluakulufe ndiye tikuitchova. Mpake tikuthamangitsa Mario, poti iye sangatiyankhe.

Choncho pempho langa kwa mafumu, makhonsolo a Machinga ndi Balaka ndi makomiti a sukulu ndi lakuti asiyanitse mbuzi ndi fisi. Kanyumba ka magemu kasalandire mwana nthawi ya sukulu, katseke dzuwa likalowa, ndipo kobetcherako mwana asapondeko. Wophwanya alandidwe chiphaso. Ndipo kholo lililonse, lisanakweze dzanja povota kuti titseke, likhale kaye pa benchi ola limodzi, ligwire chowongoleracho, liyese kupeza nyenyezi imodzi yokha.