Vanishi amathera pamene maso a wogula amathera

Imani m'mbali mwa Great East Road pa Katete, muone mabedi ndi zitseko zimene akalipentala amayala panja. Zonse phuliphuli padzuwa. Tsopano gwadani, musuzumire kunsi kwa bedi kapena pansi pa citseko. Thabwa lili lambulanda, burashi sinafikeko.

Ine ndimati uku ndi kuba. Madzi salowa pakati pa citseko ponyezimira paja. Amalowa kumapeto kumene sowo inadula, cifukwa kumeneko mtengo umamwa msanga. Mvula ya mu Januwale ikathamangira pakhonde, citseko cimatupa kuyambira pansi, n'kuyamba kukana kutseka. Mumaitana kalipentala yemwe uja kuti apale, mumulipirenso.

Cina coipa kuposa apa ndi kupaka vanishi thabwa laliwisi. Mtengo wocekedwa mwezi watha ukali ndi madzi, ufunika miyezi yambiri pamthunzi. Ukapakidwa usanaume, umakaumira m'nyumba mwanu: umapindika, molumikiza mumamasuka, vanishi amafundula ngati njoka. Ena amasungunula vanishi ndi petulo kuti citini cimodzi cikwane mabedi ambiri. Enanso amathira utoto wofiirira pa paini kapena malaina kuti muziti mwagula mukwa. Ndipo wina asakunamizeni kuti vanishi amapha ciswe. Ciswe cili ndi mankhwala ake, opaka thabwa lisanaone vanishi.

Akalipentala adzati, "Nanga inu mumalipira zingati?" Apa akunena zoona. Ife acinyamata tikapeza kanyumba ka lendi timafuna bedi Lacisanu lomweli, pamtengo wa mpando. Koma kupaka bwino ndi katatu, kulikonse kugone usiku kuti kuume, ndi sandipepa pakati pake. Masiku amenewo amalipiridwa. Cimene ndikukana n'cakuti mmisiri angokhala cete. Anene poyera kuti ndalama iyi ndi yopaka kamodzi, wogula asankhe yekha.

Mitengo nayo ikutha. Boma linaletsa kudula ndi kunyamula mukula mu 2017, ndipo mu 2019 unalowa pamndandanda wa CITES wa mitengo yofunika cilolezo pogulitsa kunja. Mukwa umakula pang'onopang'ono, woubzala lero sadzaugonera. Citseko cikaola m'zaka zitatu, wina amalowanso m'thengo ndi nkhwangwa.

Mukapita kukagula, pemphani atembenuze bedilo miyendo m'mwamba. Kandani pobisika ndi kiyi, muone ngati kufiira kwake kwalowa mkati. Funsani kuti thabwalo linacekedwa liti. Akayamba kukwiya m'malo moyankha, shopu ina ili pafupi pomwepo.