NDEMANGA: MBALA YA LERO SIBOOLA KHOMA

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika kuno ku Katete, Sinda ndi Vubwi, ndalama zimayenda. Mlimi wagulitsa cimanga, soya, nshawa kapena thonje, ndipo wa golosale, wa cigayo, wogulitsa fataleza ndi mtsikana wa pa booth onse amaonako phindu. Kale ndalama zotere tinali kuzimanga pansalu ndi kuzibisa m'nyumba. Mbala inayenera kubwera usiku, kuboola khoma, agalu nauwa, mudzi nudzuka. Masiku ano cuma ca anthu ambiri cili m'lamya ya m'manja, ndipo woba angakhale ali ku Lusaka kapena kunja kwa dziko, koma namaliza mpamba wonse dzuwa likuswa mtengo.

Ena amaganiza kuti kuba kwa pa makina ndi nkhani ya mabanki ndi makampani akulu okha. Zoonadi akuluwo amalasidwa. Pa 9 May 2022 akuba a pa intaneti a gulu lochedwa Hive analowa m'makompyuta a Bank of Zambia, nasokoneza nchito zina, nafuna dipo. Banki inakana kulipira ndipo inabwezeretsa zinthu m'malo mwake, pakuti ili ndi akatswiri ake. Nanga mai wa kantemba pa msika wa Katete, amene mpamba wake wonse ndi K3,000, akatswiri ake ali kuti? Iye akaberedwa kamodzi, kantemba katsekedwa, ndipo ana abwerako kusukulu cifukwa cosowa yunifomu ndi mabuku.

Tisaganize kuti otibera ndi tianyamata tosewera. Mu April 2024 bungwe la Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi anagwira anthu 77 pa kampani ina mu Lusaka, napeza masimu kadi opitirira 13,000. Acinyamata a dziko lino analembedwa nchito yoceza ndi anthu pa lamya ndi kuwanyengerera, motsata mau amene anawalembera kale. Mu June caka comweco nzika 22 za dziko la China zinapatsidwa cilango ca zaka 7 mpaka 11 m'ndende. Mu August 2025 apolisi a Interpol analengeza kuti muno m'Zambia mwapezeka gulu lina lonamiza anthu kuti aikize ndalama pa intaneti kuti zibale, ndipo anthu okwana 65,000 anataya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni. Awa ndi anthu amene kuba ndiyo nchito yao, amalawirira m'mawa monga momwe ife timalawirira kumunda.

Njira zao kuno kwathu nzodziwika, ndipo nkwabwino kuzichula poyera.

Yoyamba ndi uthenga wabodza wa malipiro. Wogula asankha katundu, nanena kuti alipira pa lamya. Uthenga ufika wooneka ngati weniweni, wogulitsa aona dzina ndi ciwerengero, napereka katundu. Madzulo powerengera apeza kuti palibe ngwee imene inalowa, uthenga uja unacokera pa nambala wamba. Kumadera monga Vubwi, kumene netiweki imavuta, wacinyengo amangoti, "Ndatumiza kale, uthenga ubwera, ine basi ikundisiya." Mankhwala ake ndi amodzi: onani balansi yanu nokha katundu asanaturuke m'sitolo.

Yaciwiri ndi ija yoti, "Ndatumiza ndalama kwa inu molakwitsa, conde ndibwezereni, mwana ali m'cipatala." Munthu wacifundo atumiza ndalama zake zomwe, osadziwa kuti palibe cimene analandira. Mbale wake wa njira imeneyi ndi uthenga umene tonse tinaulandirapo, woti ndalama ija tumizani pa nambala iyi.

Yacitatu imalasa makamaka a pa booth. Munthu aimba lamya, nadzichula kuti ndi wa ku likulu la kampani, nanena kuti laini itsekedwa lero ngati simutsata zimene akuuzeni. Akuwerengerani manambala oti mudinize, potsiriza nafunsa PIN. Pomaliza kulankhula float yonse yapita, ndipo mtsikana wolembedwa nchito atsala ndi ngongole kwa mwini booth imene sangaithe ngakhale atagwira caka cathunthu. Tidziwe kuti kampani ya lamya kapena banki sifunsa PIN ya munthu. Wofunsa PIN ndi mbala, ngakhale alankhule mwaulemu wotani.

Yacinai ndi kulanda laini kapena WhatsApp. Wina akapeza cithunzi ca citupa canu ca NRC ndi mbiri yanu, angayese kutenga simu kadi yatsopano m'dzina lanu. Wina amakupemphani kuti mumuwerengere manambala 6 amene angofika pa lamya yanu, ati anasokera. Mukamupatsa, WhatsApp yanu yakhala yake, ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu, kwa makasitomala anu ndi ku gulu la mpingo m'dzina lanu. Alimi a FISP acenjerenso: nambala yoombolera fataleza ndi mbeu imene imabwera pa lamya ili ngati thumba la fataleza lenilenilo. Musaiwerengere munthu woimba lamya, ngakhale anene kuti ndi wa ku ofesi ya zaulimi.

Pa njira zonsezi pali cinthu cimodzi cofanana. Mbala imeneyi singalowe ngati mwini nyumba sanaitsegulire citseko. Imagwiritsa nchito mantha athu, cangu cathu, cifundo cathu, ndipo nthawi zina dyera lathu lomwe. Amene akulonjezani kuti K500 idzasanduka K5,000 pa sabata imodzi, mufunseni kuti iye alekeranji kulemera yekha. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Cimene cimatipweteka mtima ndi manyazi. M'midzi mwathu alipo anthu amene anaberedwa koma sanauze munthu, poopa kusekedwa kuti ndi opusa. Ena anabisira ngakhale akazi kapena amuna ao, banja nkugwedezeka pamene ndalama za fataleza zafunidwa. Oberedwawo si opusa: pakati pao pali aphunzitsi, anamwino ndi asungicuma a magulu osunga ndalama. Kukhala cete kumathandiza wakuba yekha, pakuti mawa adzaimbira mnansi wanu ndi bodza lomwelo.

Tsono cidziwitso ticipeza kuti? Ana athu amene ali ndi lamya zamakono amatiuza za mapulogramu a pa intaneti ochedwa podcast, m'mene akatswiri amakambirana za makina ndi citetezo cake. Ena tawamverako, ndipo sitiwanyoza. Abwino ake amafotokoza modekha, ndipo munthu angabwereze kumvera nthawi imene afuna, cinthu cimene wailesi singacite. Koma ambiri ali m'Cingerezi cozama, amadya mabandulo, ndipo amalankhula za mabvuto a makampani a ku America ndi ku Ulaya amene ali ndi makompyuta mazanamazana. Mai wogulitsa tomato pa Sinda sangatolepo kanthu. Coopsa cina nkuti pa intaneti aliyense angatenge maikolofoni nadzicha katswiri, ndipo ena mwa iwo, pakati pa malangizo abwino, amatsatsa malonda omwe aja oikiza ndalama kuti zibale. Womvera afunse nthawi zonse kuti wolankhulayu ndani, ndipo amene akumulipira ndani.

Maganizo athu ndi akuti nzeru zimenezi zitsike, zifike kumene kuli anthu. Tili ndi Mphangwe ku Katete, Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, nyumba za wailesi zimene alimi amazikhulupirira. Tikupempha kuti pakhale pulogramu ya sabata ndi sabata m'Cinyanja, makamaka nyengo ya malonda a zokolola ndi yolandira fataleza, m'mene anthu oberedwa angaimbe osachula maina ao, ndipo wapolisi ndi wa ku ZICTA nayankha. Makampani a lamya, amene amadya phindu pa ndalama iliyonse imene titumiza, ndiwo ayenera kulipira nthawi ya pa wailesiyo. Acinyamata athu okonda podcast ajambule mapulogramu otere m'cilankhulo cathu, afupiafupi, oti munthu angatumizire mnzake pa WhatsApp. Pamenepo tidzawaombera m'manja.

Malamulo alipo. Mu April 2025 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri atsopano a citetezo ndi milandu ya pa intaneti, olowa m'malo mwa lamulo la 2021. Anthu ambiri, kuphatikizapo bungwe la maloya, anadandaula kuti malamulowa apatsa boma mphamvu zocuruka zomvetsera zokamba za anthu. Ife tidzaweruza malamulowa poona zipatso zake: agwire akuba a ndalama za alimi, asasanduke cikwapu coopsezera anthu olankhula maganizo ao. Ndipo mlimi wa ku Vubwi akapita kupolisi kukadandaula za K800, alandiridwe monga munthu amene wataya cuma ceniceni.

Pakali pano tiyeni tidzithandize tokha. PIN isakhale caka cobadwa kapena 1234, ndipo isalembedwe kuseri kwa lamya. Wamalonda asasunge mpamba wonse pa laini imodzi. Amene ali ndi kompyuta m'sitolo asataye buku la pepala la ngongole ndi katundu. Magulu osunga ndalama aike lamulo loti ndalama sizituruka cifukwa ca uthenga wa pa lamya okha, koma anthu awiri kapena atatu agwirizane maso ndi maso. Wina akapempha ndalama m'dzina la mbale wanu, dulani lamya, muimbire mbaleyo pa nambala imene mumaidziwa. Mukaberedwa, dziwitsani kampani ya lamya nthawi yomweyo, pitani kupolisi, ndipo perekani nambala ya wacinyengoyo ku ZICTA podiniza *707#.

Mafumu pa misonkhano ya m'midzi, atsogoleri a makopaletivu ndi olengeza zidziwitso pa Sabata, tengani mphindi zisanu kukumbutsa anthu zimenezi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Taturuka thukuta miyezi isanu ndi umodzi kuti tipeze ndalama zimenezi, tisazipereke kwa mlendo wa pa lamya amene sitinamuonepo nkhope.