Ophunzira Zachipatala Aphunzitsidwe Kufunsa

Aliyense amene adafikapo pa chipatala cha St Michael's ku Guilleme, m'boma la Mchinji, akudziwa anthu amene chipatala cha kumudzi chimalandira: amayi oyembekezera, ana odwala malungo, alimi ovulala ku munda. Popeza bomali lili m'malire, si chachilendo kuti m'zipatala zake mufikenso abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique. Onsewa amabwera ndi chikhulupiriro chakuti munthu wovala yunifolomu yoyera sangawapweteke.

Chikhulupiriro chimenechi chiyenera kusungidwa, ndipo kuchisunga kumayambira m'kalasi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa khumi alionse amapwetekeka ndi chithandizo chimene akulandira, ndipo theka la zovuta zoterezi n'zopeweka. Kawirikawiri zimenezi sizichitika chifukwa cha nkhanza. Zimachitika pamene munthu wabwino watopa, wafulumira, kapena waopa kufunsa.

Taganizani za wodi ya amayi kwathu kuno. M'menemo mungagone amayi atatu a mfunda umodzi, onse a Phiri kapena a Banda, mwina maina awo oyamba n'kufanananso. Namwino amene sadazolowere kufunsa dzina lonse, mudzi ndi mfumu, ndi kuyerekeza ndi zolembedwa m'buku la kuchipatala, angathe kupereka jekeseni ya uyu kwa uyo. Mankhwala a malungo a mwana amaperekedwa molingana ndi kulemera kwake. Wongoyeza ndi maso mmalo mwa sikelo angapereke ochepa osachiritsa, kapena ochuluka opweteka. Wogwira ntchito usiku akaweruka osafotokoza bwino kwa wolowa m'mawa, mayi amene wayamba kutaya magazi angakhale maola ambiri osaonedwa.

Nkhaniyi si ya lero. M'chaka cha 1847, ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis adaona kuti amayi ambiri ankamwalira atachira m'wodi imene ophunzira udokotala ankalowamo pochokera kokapima mitembo. Atalamula kuti onse azisamba m'manja ndi mankhwala, imfa zidatsika kwambiri. Ophunzirawo sadali oipa mtima. Padalibe amene adawaphunzitsa.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2011 bungwe la WHO lidatulutsa buku lotsogolera aphunzitsi a anamwino, azamba, madokotala ndi osakaniza mankhwala, lokhala ndi mitu 11. Ina mwa mituyi ndi kugwira ntchito mogwirizana, kupewa kupatsirana matenda, kusamala popereka mankhwala, ndi kuphunzirapo kanthu pa zolakwa. M'chaka cha 2019 maiko adagwirizananso kuti 17 September likhale tsiku lokumbukira chitetezo cha odwala.

Dziko lino lili nawo malo ophunzitsira zimenezi. Sukulu ya Kamuzu College of Nursing idatsegulidwa mu 1979, ndipo mu 2021 idaphatikizidwa ndi College of Medicine n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Anamwino ndi azamba ambiri amaphunziranso m'sukulu za mipingo za bungwe la CHAM, monga ku Nkhoma, ku Nguludi ndi ku Ekwendeni. Ambiri mwa iwo akamaliza amapita ku zipatala zonga cha ku Guilleme, kumene usiku namwino angakhale yekha, wamkulu woti amufunse ali kutali. Zimene adazolowera ali pa sukulu ndizo zidzamuongolera.

Pa mitu yonseyi, umene ife tikuuona wovuta kwa Amalawi ndi wa kulankhula. Mwambo wathu umaphunzitsa mwana kumvera ndi kulemekeza akulu, ndipo mwambowo ndi wabwino. Koma wophunzira amene waona wamkulu wake akutenga botolo lolakwika, iye n'kukhala chete poopa kuoneka wamwano, sadalemekeze munthu aliyense. Makolo adati safunsa adadya phula. M'chipatala, safunsa amadyetsa phula munthu wina, amene sadalakwe kanthu. Wophunzira aphunzitsidwe mawu aulemu onenera kuti, "Pepani amayi, tiyeni tionenso dzina ndi mlingo wake." Ndipo wamkuluyo aphunzire kuthokoza.

Tikupempha tsono akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, a bungwe la anamwino ndi azamba, ndi oyang'anira zipatala m'maboma kuti chitetezo cha wodwala chiziyesedwa pa mayeso, ndiponso pa bedi la wodwala. Wophunzira amene waulula yekha cholakwa chake asachititsidwe manyazi pa gulu. Akakalipiridwa lero, mawa adzabisa, ndipo cholakwa chobisika chidzachitikanso kwa wodwala wina. Ulesi ndi kusasamala kwadala zilangidwe. Kuphonya kwa munthu woona mtima kufufuzidwe, kuti chimene chidamphonyetsa chikonzedwe. Akuluakulu omwewa aonetsetse kuti madzi, sopo ndi sikelo zilipo, pakuti kusamba m'manja sikuphunzitsika pa mpopi wouma.

Nanunso aphunzitsi a m'sukulu za pulaimale ndi sekondale muli ndi gawo lanu. Namwino wa mawa ali m'kalasi mwanu lero. Mukamuseka pamene wafunsa, kapena kumumenya pamene wavomera kuti walakwa, mukumuphunzitsa kukhala chete. Kuongola mtengo mpoyamba. Mayi amene adzagone pa chipatala cha Guilleme zaka khumi zikubwerazi adzadalira mwana amene inu mudamlola kufunsa.