Muyeso Wokhota wa Kukweza Aphunzitsi

Tiri ndi mlandu ndi akuluakulu a masukulu a ukachenjede a dziko lino, ndipo tifuna kuunena poyera, kuti asadzati tinawadya miseche. Mlandu wathu ndi wa muyeso umene ayesa nao aphunzitsi ao pofuna kuwakweza pa nchito. Kapena wina adzati, Nanga anthu a kwa Mponda, osodza usipa ndi kambuzi, za mapulofesa ziwakhudza bwanji? Ziwakhudza ndithu, pakuti mitengo yopangira makwerero amene ena akwerapo idulidwa kuno kwathu ku nyanja.

Munthu wolowa nchito ya uphunzitsi pa yunivesite apeza makwerero patsogolo pache. Ayamba ali wothandizira, nakhala mphunzitsi, pambuyo pache mphunzitsi wamkulu, kenaka wachiwiri kwa pulofesa, potsiriza pulofesa. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira oyamba mu 1965, nigawika patatu mu 2021, koma makwererowa ali chikhalire. Ndipo chokweza munthu makamaka ndicho mapepala a kafukufuku amene anasindikiza m'magazini a akatswiri, ndipo olemera koposa ndiwo a kutsidya kwa nyanja yamchere. Inde, kuphunzitsa ndi kutumikira anthu zilembedwa m'malamulo. Koma funsani mphunzitsi ali yense wodikira kukwezedwa chimene chimsowetsa tulo, adzakuuzani kuti ndicho kuchepa kwa mapepala ache.

Sitinyoza kafukufuku, iai. Kuyambira 1987 kufikira 1990 madokotala anatsata amai apakati a m'boma lino la Mangochi pofufuza za malungo, ndipo nchito yao pamodzi ndi ya anzao inaonetsa kuti mankhwala a chloroquine anatha mphamvu. Mu 1993 dziko la Malawi linayamba mu Africa yense kuika SP m'malo mwa chloroquine, ndipo ana ambiri anapulumuka. Munthu wogwira nchito yotere akwezedwe, ife tidzamuombera m'manja.

Koma taonani zimene tiona chaka ndi chaka. Ifika galimoto yoyera, alendo nalonjera amfumu, nakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mabuku ao. Afunsa mafunso m'Chingerezi, mnyamata wa pamudzi namasulira m'Chiyao. Ayesa ana pa sikelo, abaya chala natenga magazi, apita pa dooko nayesa utali wa nsomba. Atatha atsazika bwino, nati, Tidzabweranso kudzakuuzani zimene tapeza. Akulu anati mlendo ndi mame. Ife tinadikira mpaka ana oyesedwa aja anakula nakwatira, osaona munthu wobwerera. Pepala lija linatuluka ndithu, m'chilankhulo chimene mai wa mwanayo sachimva, m'magazini amene ngakhale mphunzitsi wa ku sekondale sakhoza kugula. Mwini pepala nakwera khwerero limodzi.

Mphunzitsiyo sitimuimba mlandu kwambiri. Ali ndi ophunzira mazana m'kalasi, ndi mulu wa mayeso woti achonge. Ulendo wobwerera ku Mangochi ufuna mafuta a m'thumba mwache, ndipo pa tsiku la kuyesedwa ulendowo sulemera monga pepala. Munthu atsata kumene muyeso umkokera. Chifukwa chache tiona ena agawa kafukufuku mmodzi patatu, monga wogulitsa nsomba wochenjera achepsa mulu kuti miyulu ichuluke. Ena agwa m'manja mwa magazini achinyengo, amene asindikiza chiri chonse malinga walipira madola. Ndipo uyo wophunzitsa mokhulupirika zaka makumi awiri, amene ophunzira ache ndiwo anamwino ndi alangizi athu lero, akalamba ali pa khwerero lomwelo.

Ulipo mbali ina ya mlanduwu, ndiyo ya mpando wokhazikika. Kubwerera kwa anthu ndi zoona kufuna munthu wosaopa. Tonse tidziwa kuti chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha, ndi kuti makoka a maso ang'ono, monga nkacha, ali ndi gawo pa kutha kwache. Nchifukwa chache mu 1993 anayambitsa makomiti a m'madooko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kuno. Kulemba zimenezi m'Chingerezi sikukwiyitsa munthu. Koma kuimirira pa bwalo ndi kunena m'Chiyao kuti makoka a munthu wamkulu wakuti ndiwo akutha nsomba, pamenepo pafunika munthu wodziwa kuti mawa nchito yache idzakhalapo. Ku America, mu 1940, aphunzitsi ndi eni masukulu anapangana kuti munthu ayesedwe zaka zosapitirira 7, ndipo akapambana asachotsedwe popanda mlandu womveka. Ndicho chimene achitcha tenure. Sanachichite kuti ateteze aulesi, koma kuti mphunzitsi anene chimene wapeza.

Ife a kuno sitisowa kuphunzira zimenezi kutali. Jack Mapanje, mwana wa m'boma lino wobadwira kwa Kadango, anali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College pamene anamgwira mu 1987, nakhala m'ndende ya Mikuyu kufikira 1991 wosazengedwa mlandu. Tivomera kuti palibe kalata ya nchito ikadaletsa apolisi a masiku aja. Koma mu 2011, ufulu wa zipani zambiri utakhala kale, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana Dr Blessings Chinsinga kumfunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Aphunzitsi anakana kuphunzitsa, anai mwa iwo nachotsedwa nchito, ndipo anabwezedwa mu October, maphunziro atasokonekera miyezi ngati 8. Ngati zinatero ndi anthu odziwika, nanga mnyamata wolembedwa pa pangano la chaka chimodzi adzatsegula pakamwa?

Tsono inu akuluakulu, tipempha zinthu zosavuta. Wopambana m'zaka za kuyesedwa mumkhazike, asamagwira nchito mtima uli m'mwamba. Kuphunzitsa kwabwino kukhale kokwanira kukweza munthu, ngakhale mapepala ache ndi owerengeka, malinga ali oona. Ndipo pa chikalata chopemphera kukwezedwa muonjezepo funso ili: Kodi anthu amene munawafufuza munabwerera kukawauza zimene munapeza, liti, ndi m'chilankhulo chanji? Yankho lache lilemere monga pepala limodzi, ndipo umboni uchokere kwa amfumu kapena kwa komiti ya pa dooko. Mudzati nchovuta kuyesa. Kuwerenga miyulu nkosavuta ndithu, koma mai wogula nsomba pa msika wa Mangochi saleka kutsegula makha kuti aone ngati ziri zaziwisi. Kuchokera ku Zomba kufika kwa Mponda ndi ulendo wosakwana theka la tsiku, ndipo mphasa tidzayala ndife.