Mzere wa ku chipatala ukudya capital yanu

Amai ndi atate a pa msika, mwana akatentha thupi usiku mumadziwa kale kuti mawa kulibe kukaoda ku Soweto. Mudzuka 04 hours, mwana kumsana, kukagwira mzere ku kiliniki ya Mtendere, Kalingalinga kapena George. Pofika kwa a clinical officer dzuwa lili pamutu. Potuluka muli ndi ka pepala m'manja: mukagule ku chemist. Tomato mwasiya pa thebulo wayamba kufewa, makasitomala apita kwa mnzanu, ndipo ndalama ya mankhwala ichokera mu capital, kapena kwa wa kaloba. Wa pa ofesi akadwala ali ndi sick leave. Inu mulibe.

Sitikunyoza ma nurse. Munthu mmodzi sangaone khamu lonse lija ndi kumwetulira mpaka madzulo. Vuto ndi masamu. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni mu district ya Lusaka, ndipo Kanyama yokha ili ndi opitirira theka la miliyoni. Zipatala za Matero ndi Chilenje, kenaka Kanyama, Chawama ndi Chipata, zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan kuti UTH ipumeko. Zinathandiza, inde. Koma komboni ikukula tsiku ndi tsiku, mabedi sakubalana.

Manje tiyeni ku ndalama. Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Bajeti yathu ya 2024 inaika 11.8. Ya 2025 inatsika, 10.7. Boma limakonda kutikumbutsa kuti mu 2022 linalemba ntchito anthu a zaumoyo opitirira 11,000. Zoona, ndipo tinawomba m'manja. Koma dokotala wopanda mankhwala angakupatseni chiyani kupatula ka pepala kaja?

Chowawa kwambiri nchakuti ngakhale zochepa zomwe zilipo sizifika kwa odwala. Mu 2024 makontena 61 a mankhwala ndi zipangizo anapezeka atakhala miyezi pa yadi ya kampani ina muno mu Lusaka, pamene makiliniki anali kubweza anthu. Mu May 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidzadula 50 miliyoni dollars pa chaka ya mankhwala chifukwa cha kuba. Anati anthu awo anayendera ma pharmacy pafupifupi 2,000 ndipo ambiri anali kugulitsa mankhwala obedwa. Ganizirani bwino: mankhwala omwe munauzidwa kuti kulibe, mwina ndi omwewo munagula ndi ndalama ya chilimba. Ma ARV, a TB, a malungo. Wakuba ali pa mpando wofewa, wolipira ndi mai wa kapenta.

Ndipo zikavuta, woyamba kuthamangitsidwa ndani? Kolera ya 2018 asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu. Ya January 2024 odwala anachuluka mpaka Heroes Stadium, bwalo la mpira, inasanduka chipatala, ndipo anthu opitirira 700 anamwalira m'dziko muno. Nthawi zonse chala chimaloza marketeer. Koma levy mumalipira, nanga madzi ndi zimbudzi za pa msika zili kuti?

Sitikupempha zozizwitsa. Unduna wa zaumoyo ndi ZAMMSA aike pa khomo la kiliniki iliyonse pepala loonetsa mankhwala amene afika mwezi umenewo, tsiku lake ndi kuchuluka kwake, kuti wodwala aziwerenga yekha. Atiuze ndani wa maudindo akulu amene wamangidwa pa nkhani ya kuba, osati ka mnyamata ka pa chemist chabe. Ndipo atiuze poyera ndalama yotseka dzenje la 50 miliyoni ichokera kuti.

Inu, ka pepala ka ku kiliniki ndi risiti ya ku chemist musataye. Ikani mu ka chikwama ka ndalama. A MP kapena a khansala akabwera pa msika kudzagawa zitenje, atulutsireni, muwafunse kuti iyi abweza ndani.