Matola a kwa Malemia atiphwanya misana

Bambo Mkonzi,

Ndikupemphani mwaulemu kuti mundigawireko kamalo m'nyuzipepala yanu, kuti nditulutse poyera nkhani imene ife a kuno kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, takhala tikuing'ung'udza m'masiwa ndi m'misika, koma osainena pamaso pa eni ake, popeza eni akewo ndi ana athu ndi akamwini athu omwe, ndipo munthu amaopa kuti akayankhula lero, mawa adzamsiya ataima ndi thumba lake m'mbali mwa msewu. Nkhaniyo ndi ya magalimoto a pikapu onyamula anthu ndi katundu, amene timawatcha matola, ndi mmene akutiphwanyira matupi.

Ndisanapitirire ndinene kuti sindine wosayamika. Pa msewu wa tala wa M3, wochoka ku Zomba kudzera pa Songani, pa Domasi ndi pa Malosa kunka ku Liwonde, maminibasi sasowa. Koma munthu akangopatuka pa talapo, kukwera ku midzi ya m'tsinde mwa phiri kapena kutsikira ku madambo a ku Chilwa kumene kumachokera mpunga, chomunyamula ndi kabaza kapena matola basi, ndipo kabaza sangasenze malata ndi simenti ya nyumba yonse, ngakhale kutenga wodwala pakati pa usiku pamodzi ndi omudikirira. Tikadandaula, eni magalimoto amaloza maenje, natikumbutsa mmene namondwe wa Freddy adakokololera misewu ndi milatho m'mwezi wa Malichi 2023. Zimenezo sindikutsutsa. Koma ine amene ndidadya nsima ya chiwongolero ndisanapume pa ntchito, ndidziwa kuti pa msewu umodzimodziwo galimoto ina imaoloka makwinya mwaulemu, pamene inzake imakuponya m'mwamba nikumenyetsa pa chitsulo kufikira mano agwedezeka, ndipo chosiyanitsa ziwirizo chili kunsi kwa galimoto, kumene eni ake sakonda kusuzumira.

Magalimoto amenewa, kaya ndi Toyota Hilux, Nissan kapena Isuzu, amafika kuno atatumikira kale ambuye ena: ena adachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ena ku South Africa, ndipo ambiri adutsa m'manja angapo m'Malawi mommuno. Kumbuyo kwa galimoto yotere kuli masipuling'i, zitsulo zazitali zokhota zosanjikizana, zimene ntchito yake ndi kusenza katundu ndi kupindika pamene wilo lagunda mwala. Koma sipuling'i ikapindika imabwerera ndi mphamvu, nipindikanso, nibwereranso. Chimene chimaletsa kudumphadumpha kumeneko ndi shock absorber, chubu chachitsulo chodzaza ndi mafuta, chimene chimaumiriza mafutawo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, kotero kuti mphamvu ya kudumphako imathera m'menemo. Mafutawo akatayika, chubucho chimangolendewera popanda ntchito. Ndiponso ponse pamene zitsulo zimalumikizana pali mabushi a mphira omeza kunjenjemera, ndipo akadyeka chitsulo chimagunda chinzake, n'chifukwa chake magalimoto ena timawamva gogogo asanatulukire n'komwe pa gulaye.

Tsono taonani nzeru imene yafala m'magalaja a pansi pa mitengo ya mango. Mwini galimoto akaona kuti kumbuyo kwagwa chifukwa masipuling'i atopa nawongoka, safuna gwero la nthendayo, koma amauza makaniko kuti aonjezere zitsulo ziwiri kapena zitatu zochotsedwa ku lole yakufa, kuti galimoto isenze koposa kale. Ena amawotcha sipuling'i pa makala naipinda ndi nyundo, osadziwa kuti chitsulo chimenechi chidaumitsidwa mwaluso kufakitale, ndi kuti moto wosayezedwa umachilanda mphamvu yake yobwerera, kotero kuti posachedwa chimagonanso kapena kuthyoka. Chikathyoka amachiwotcherera, ngakhale kuti powotchererapo ndi pamene chidzathyokerenso; ena amamanga ndi mphira zodula ku chubu cha tayala, napanikiza chipika cha mtengo pakati pa difu ndi chasisi, ndipo pomaliza amapopa matayala kufikira auma gwa. Galimoto yotere imaoneka yonyada ikaima pa siteji, kumbuyo kuli m'mwamba, koma kunsi kwake kulibe chopindika, ndipo nkhonya iliyonse ya msewu imene chitsulo chikadameza imakafika pa msana wa nkhalamba imene yakhala pa thumba la chimanga. Ndidaona ndi maso angawa mayi wina wochokera ku chipatala, chilonda cha opaleshoni chisanapole, akupempha ndi misozi kuti amtsitse ayende pansi, ndipo kondakitala adangomlimbitsa mtima ponena kuti mlandu ndi wa msewu.

M'masiku a Alexander Hetherwick, amene adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, azungu ankayenda m'njira zomwezi pa machila, ndipo makolo athu owanyamulawo ankaimba naponda pamodzi kuti wogona m'nsaluyo asavutike. Si zaka zokhumbirika zimenezo, pakuti mapewa amene adatupa anali athu. Koma n'zomvetsa manyazi kuti mlendo ankasamalidwa pa mapewa a munthu koposa mmene mwana wa mudzi akusamalira amake pa galimoto ya injini, atalandira ndalama yao.

Mankhwala a nthenda ya matolayi si obisika, ndipo oyamba alibe mtengo. Mwini galimoto ayambe ndi mpweya wa m'matayala, auyeze ndi geji matayalawo ali ozizira, natsate muyeso umene opanga adalemba pa kachikwangwani ka pa mphuthu ya khomo la dalaivala, pakuti tayala lomwe ndi lomeza mabampu. Kenaka atsindike ndi thupi lake lonse pa ngodya ya galimoto, nasiye: ikakwera kamodzi nikhazikika, zili bwino, koma ikapitiriza kuvina, kapena akaona mafuta akuchucha pa chubu chija, adziwe kuti shock absorber idafa kalekale. Pogula zatsopano agule ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, chifukwa yatsopano yokwatitsidwa ndi yakufa imapendeketsa galimoto pokhota. Mabushi ndi otsika mtengo poyerekeza ndi zina zonse, koma mabawuti ake amangidwe kotheratu galimoto itaima pa mawilo ake, osati ili pa jeke, kuopa kuti mphira ingapotoke ning'ambike msanga. Aone mabawuti okumbatira sipuling'i ku difu ngati ali olimba, aonenso bawuti wapakati wogwira zitsulo zonse pamodzi, amene akathyoka galimoto imayenda cham'mbali. Ndipo sipuling'i yotopa kapena yothyoka isinthidwe ndi inzake ya muyeso wake, mbali zonse ziwiri.

Koma zonsezi n'kutunga madzi ndi dengu ngati katundu sachepetsedwa. Ambiri mwa magalimoto amenewa adapangidwa kuti azisenza pafupifupi tani imodzi, ndiko kuti matumba 20 a makilogalamu 50, popanda munthu pamwamba pake. Anthu akuluakulu 15 okha, tikawerengera aliyense makilogalamu 60, afika kale pa 900. Nanga pamene matumba 20 alimo, anthu 15 akhala pamwamba, njinga ndi mbuzi zamangidwa kumbuyo, ndi sipuling'i yanji ya pansi pa thambo imene ingapirire? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ndidziwa chimene eni matola adzandiyankha: kuti kuyambira pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti m'Novembala 2023, zipangizo za galimoto zakwera mtengo koopsa, mafuta nawonso, ndi kuti zina zogulitsidwa m'misika ndi zachinyengo zosatha nyengo imodzi ya mvula. Ndiwamvera chisoni. Koma awerengere bwino, pakuti galimoto ya shock absorber yakufa imadya matayala mwa zigambazigamba, imang'amba chasisi ndi bodi, imamasula mabawuti onse. Ndipo choopsa koposa n'chakuti wilo limene likudumpha siligwira pansi, kotero kuti mabuleki ndi chiwongolero zimachedwa kumvera pa nthawi imene mwana wa sukulu wadumphira mumsewu. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti popereka kwa galimoto ya pikapu chiphaso cha COF, chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, azilowa kunsi kwake naone masipuling'i owotcherera ndi zipika za mitengo, ndi apolisi apamsewu kuti aziyang'anako kumeneko monga ayang'anira mapepala. Ndipemphanso Gogo Chalo Malemia ndi mafumu awo kuti aitane eni matola pabwalo mvula isanagwe, agwirizane za muyeso wa katundu, ndi kuti galimoto yonyamula wodwala kapena mayi wapakati izimuika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, popanda kumulipiritsa ndalama yoonjezera. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnyamata aliyense wa matola amene afuna kuti ndimsonyeze kuyesa galimoto yake, andifunse pa msika wa Songani, sindidzamlipiritsa.

Ine wanu,
Dalaivala Wopuma,
Malemia, Domasi, Zomba.