Dzanja lozizira la wodwala impso

Ndemanga ya lero ikukhudza abale athu amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito, omwe moyo wawo wadalira makina osefa magazi, a dialysis.

Munthu wa kwa Khombedza ku Salima matenda akamufikitsa pamenepa, thandizo lake lili ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ulendo wopitirira makilomita 100. Amakhala pamakinawo maola pafupifupi 4, n'kubwerera kumudzi, kutali ndi dokotala wa impso.

Kuti magazi azipita okwanira m'makina, madokotala amalumikiza mitsempha iwiri ya pamkono, wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima. Malo olumikizawo amati fistula. Kwa odwala ena, magazi ambiri amakhotera pamenepo, ochepa okha n'kumafika kuzala. Dzanja limazizira, limachita dzanzi, limapweteka. Thandizo likachedwa, kunsonga za zala kumatuluka zilonda zosapola, mpaka chala kudulidwa. Amene ali ndi shuga vuto lotere limawagwiranso kumapazi, ndipo ambiri samva n'kupweteka komwe.

Mukukumbukira kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kamene ankatiloza nako pamphumi mu 2020, nthawi ya Covid-19. Pali kamera yogwira ntchito mofanana, koma iyo imajambula kutentha kwa dzanja lonse. Pamene magazi akuyenda bwino pamaoneka powala, chala chosowa magazi chimaoneka chakuda. Zina mwa kamerazi, monga FLIR One, n'zazing'ono zongolumikiza ku foni. Sipakhala jakisoni, ngakhale kukhudza chilonda.

Tinene poyera kuti kamerayi siichiza, ndipo payokha siitsimikiza matenda. Imaona khungu lokha. Kutentha kwa kunyanja mu Okutobala kukhoza kuisokoneza, choncho wodwala wochokera padzuwa ayambe wapuma pamthunzi, ndipo manja onse awiri ajambulidwe kuti afananizidwe. Wotsimikiza ndi dokotala, ndi sikani yoona kayendedwe ka magazi m'mitsempha.

Komabe phindu lake n'lalikulu kwa munthu wakutali. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha Khombedza atajambula dzanja, angathe kutumiza chithunzicho pa foni ku Kamuzu Central tsiku lomwelo, banja n'kudziwa ngati wodwala anyamuke mawa kapena adikire tsiku lake la dialysis. Amene anagulitsapo mbuzi kuti apeze ya thiransipoti akudziwa kulemera kwa yankho limeneli.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uyese njirayi m'zipatala zochepa za m'maboma, uphunzitse anamwino kuwerenga zithunzizo, ndipo kuchipatala chachikulu kukhale munthu woziyankha msanga. Pakadali pano, inu osamalira odwala, m'mawa uliwonse gwirani manja onse awiri a wodwala wanu, muonenso pakati pa zala zakumapazi. Dzanja la fistula likazizira kuposa linzake, kapena kunjenjemera kumene kumamveka mukagwira pa fistula kukasiya, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.